Mapaketi Anayi Osatsegula

Lolemba, 2 Juni

Kuzizira koopsa. Mafiriji awiri okha lero, imodzi gasi watha, inayo labala wa chitseko. Nyengo ino anthu amaiwala kuti kuli munthu wokonza mafiriji.

Madzulo ndadzera kusitolo ndi kapepala kanga. Chidwalireni Aphunzitsi, mkazi wanga, zogula za pamwezi ndi ntchito yanga, ndipo sindinawabwezerenso. Sopo, shuga, mafuta, machesi, ndi mapadi awo a paketi yobiriwira aja. Poyamba ndinkachita nawo manyazi pakauntala. Pano ndimangoponya mubasiketi ngati mchere.

Potsegula kabati kuti ndiike, ndapeza mapaketi atatu ali chisanjikire, osatsegula. Malichi, Epulo, Meyi. Ya lero yachinayi. Ine ndikugula, mwini wake sakugwiritsa ntchito, ndipo ali duu.

Nthawi ya mankhwala a khansa a m'diripi aja kusamba kunaima, zimenezo adokotala anatiuziratu. Koma mu Januwale kunabwerera. Ndikukumbuka bwinobwino, mkazi wanga anatuluka kubafa akuseka, amvekere, "Amisiri, makina ayambanso kugwira ntchito." Febuluwale chimodzimodzi. Nanga pano?

Sindinafunse. Ndangotseka kabati.

Lachinayi, 5 Juni

M'mawa ndawapeza ataima pafiriji yotsegula, nkhope ili mkati, thukuta kamukamu. Ine ndili m'majuzi awiri. Ndati kompuresa idzafa msanga. Yankho lake: "Ikafa mudzaikonza, si ndiye ntchito yanu?" Kenako chitseko kumenyetsa.

Zenera la kuchipinda silitsekedwa. Mashiti achapidwa katatu sabata ino. Pilo wawo m'mawa amakhala wonyowa.

Iwo akuvala ndaona kabala kakuda pansi pa mchombo, kakang'ono ngati chikhadabo. Ataona kuti ndikuyang'ana, bulawuzi gwetsu. Akuti anagunda ngodya ya desiki kusukulu. Desiki yake yosongoka bwanji?

Bere madokotala anawachotsa mu Ogasiti. Kuyambira pamenepo pabedi tili ngati munthu ndi mlongo wake. Tinayesako kamodzi mu Epulo. Analira kuti zikupweteka, n'kutembenukira kukhoma. Ndinati palibe kanthu, ndidikira. Mpaka lero ndikudikira.

Loweruka, 7 Juni

Amayi anabwera kudzationa. Maso awo aja sasiya kanthu. Aona siketi ya Aphunzitsi ikukana batani, tiyi akumukana, akaima pang'ono akugwira khoma. Powaperekeza kubasi anditsina pamkono: "Iwe, maso akowa ndi ongokongoletsa nkhope? Mkazi wako ali ndi pakati."

Chimwemwe chawo kuchita kusowa pochiika. Zaka zisanu ndi ziwiri akudikira mdzukulu wa kwa ine. Ndamwetulira ndi mano okha.

Masamu ake safuna mphunzitsi. Miyezi khumi tisanakhudzane, kuchotsapo tsiku la mu Epulo lija lomwe silinafike kulikonse. Mapadi anasiya kutsegulidwa mu Malichi, Epulo asanafike n'komwe. Mimba sibwera ndi mphepo ngati chimfine.



Lachiwiri, 10 Juni

Kusukulu amaweruka 2 koloko. Lero afika hafu pasiti 5. Ndinatseka shopu msanga dala, n'kukaima kuseri kwa geti.

Galimoto yoyera, mawindo akuda. Woyendetsa ndi bambo wa magalasi, imvi pang'ono, nsapato zowala. Anachita kutsika, kudzawatsegulira chitseko, kuwapatsira botolo la madzi lomwe anaiwala pampando. Anaseka onse awiri. Kuseka kotere m'nyumba muno kunatha kalekale.

Ndafunsa kumene anali. "Kunali kamsonkhano." Ka chiyani? "Ka ife tomwe." Basi, mpaka kubafa.

Wowotcherera wa shopu yoyandikana ndi yanga amakhala mumsewu mwathu momwemu. Ndamufunsa mozungulira. Akuti galimotoyo amaiona Lachiwiri lililonse kuyambira mu Epulo. "Ine ndimayesa ndi achibale anu," akutero, kwinaku akuyang'ana kumbali. Ndiye kuti msewu wonse ukudziwa, wotsala ndine. Utsi sufuka popanda moto.

Lachisanu, 13 Juni

Dzulo poto anapserera pamoto, iwo ali chikhalire pabalaza pomwepo. Makope a ana asukulu anawasiya m'basi. Kapu itasweka analira ngati kwagwa maliro. Munthu amene ankasunga manambala a foni pamtima lero akundifunsa kawiri kuti ndi lachingati. Maganizo ali kwina, ndikudziwa.

Ndachita chinthu chomwe sindinachitepo chikwatirireni. Ali kosamba ndapisa m'chikwama mwawo. Kathawulo, choko, kabuku ka kuchipatala, kokupizira mphepo kopindika kamene sindinawagulire ine. Pansi penipeni kachubu ka mafuta ena ake. Ndawerenga kumbuyo. Ndi opaka kumalo obisika, akuti amathandizanso pa nkhani za m'banja. Kachubuko n'kofinyidwa kale.

Ndinakhala pansi pomwepo, chikwama chili m'manja.

Ndayesa kuwaikira kumbuyo. Mwina ndi matenda omwe aja. Koma matenda anali kubere, ndipo bere lili kumtunda. Ukasintha chitseko cha firiji kompuresa siima. Zaka khumi ndi zisanu pantchito ino, sindinaonepo. Komanso makinawo anali atayamba kale kugwira, ananena okha.

Ndinawasenza kuchoka pagalimoto mpaka pabedi nthawi ya diripi ija. Ndinawameta ndekha tsitsi litayamba kuthothoka. Achira, ndiye kuchirira wina? Ndimawakonda, vuto lake ndi limenelo. Akanakhala munthu wamba bwenzi ndikugona tulo.

Lolemba, 16 Juni

Anthu ena mantha alibe. Wamagalasi wabwera kushopu kwanga, masanasana, fani ili m'manja. Moni waulemu, kuchita kugwira dzanja ndi manja awiri. "Akazi anu ndi amene andilondolera kuno, akuti kulibe mmisiri woposa inu."

Akuti fani ikuchita phokoso, akufuna izizungulira mwakachetechete pafupi ndi bedi. Fani m'mwezi wa Juni, anthu tikugona ndi masokosi. Ndinali ndi sipanala m'manja. Ndinaiika pansi pang'onopang'ono, n'kumuuza kuti abwere sabata yamawa.

Mphete ili pachala. Munthu wapabanja ndithu. Wabwera kudzandiyeza, kudzaona ngati chitsirucho chikudziwa kanthu.

Vuto la fani yake ndi kabushi kakutha, ntchito ya mphindi khumi. Ndaiponya kuseri kwa mafiriji akufa. Iwolere komweko.

Lachinayi, 19 Juni

Amayi atumiza kaphukusi. Shawelo yoyera ndi timasokosi toluka okha. Auza kale azakhali, azakhali auza ana awo. Foni yanga yadzaza ndi mafuno abwino. Phukusilo ndalibisa kushopu m'kati mwa firiji yakufa.

Ndaganiza tsiku lonse. Ndikafunsa, akana. Akakana, ndipsa mtima. Ndikapsa mtima, alira, ndipo wolakwa ndikhala ine. Pantchito ine sindikangana ndi kasitomala. Wina amati moto ukulowa, wina amati sukulowa, ine ndimangoika mita, iyankhule yokha.

Ndapita kufamase ya kutali kumene sandidziwa. Ndagula kachipangizo koyezera mimba. Mtsikana wogulitsa amvekere, "Zabwino zonse, bambo." Ndangogwedeza mutu.

Mizere iwiri ilipo, mzere umodzi palibe. Palibe chokangana. Mawa m'mawa.

Loweruka, 21 Juni

Dzulo sindinalembe.

Kachipangizo kaja ndinakaika patebulo, pambali pa kapu yawo. Anatuluka atavala kale za kuntchito. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine. Ndimayembekezera kukalipa kapena misozi. Anangofunsa mawu amodzi, motsitsa: "Mukuyesa ndi ya ndani?"

Ndinatchula galimoto yoyera ndi zimene anandiuza Wowotcherera. Ndinatchula mapaketi anayi, kachubu, kabala ka pamimba, miyezi khumi. Ndinayala zonse mwadongosolo ngati ndikufotokozera kasitomala. Ndinkadzimva wanzeru, Mulungu andikhululukire.

Anatenga kachipangizoko kupita nako kubafa. Chitseko sanatseke. Atatuluka anandigwira dzanja, kulitambasula, kuikamo. Mzere umodzi.

Kusukulu sanapite. Analongedza kachikwama kakang'ono. Pakhomo anatembenuka: "Mwapisa m'chikwama, mwawerenga kachubu, koma kabuku ka kuchipatala simunakatsegule." Apita kwa achemwali awo.

Lamlungu, 22 Juni

Nyumba zii. Zenera ndatseka koyamba m'miyezi itatu, koma kuzizira kuli pomwepo.

Mita nayo imanama batire ikafooka. Kachipangizoko kanali kotchipa. Kapena mimba inalipo, anaichotsa, ndiye kabala kaja. Ngati mimba palibe, nanga kusamba kwapita kuti? Nanga Lachiwiri? Munthu wosalakwa amathawa?

Ndaimba kanayi. Kachisanu ayankha alamu, achemwali awo aja: "Muwasiye apume, mwachita kale zokwanira." Foni thi.

Kabukuko apita nako. Koma chikuto chake ndikuchidziwa, n'cha chipatala chomwe chija. Lachiwiri ndikaima pageti pake ndione ndi maso anga.

Lachiwiri, 24 Juni

Ndilembe bwinobwino, mwina mutu ukhazikika.

Hafu pasiti 2 galimoto yoyera inalowa. Wamagalasi anatsika, kutsegula chitseko chakumbuyo. Munatuluka amayi awiri, wina wonenepa wa duku, wina wamng'ono kuposa Aphunzitsi. Wa dukuyo anamukoleka mkono Wamagalasi, iye atanyamula chikwama chake ndi botolo la madzi. Mkazi wake. Nthawi yonseyi amakhala kumbuyo, kuseri kwa mawindo akuda aja.

Ndinawatsatira. Kudutsa kojambulira, kudutsa kolandirira mankhwala, mpaka kachipinda kakumapeto komwe sindinkadziwa kuti kaliko. Mipando yozungulira, amayi asanu ndi anayi, mazenera onse otsegula, jagi ya madzi ozizira pakati. Aliyense ndi kokupizira kake. Amuna awiri okha pabenchi yapakhoma. Aphunzitsi panalibe.

Anamwino aakulu aja, amene ankatilandira nthawi ya diripi, anandizindikira. "Mwabwera lero? Makalata oitana amuna tinapereka kawiri konse." Sindinaonepo kalata ine.

Ananditengera muofesi. Za m'kabuku ka akazi anga anakana kundiuza, akuti mwini wake ndiye anene. Koma za gululo anandifotokozera, ndipo anachita kujambula papepala. Khansa ina ya m'bere imakula ndi timadzi tomwe timachokera kumene kumapangidwa mazira a mayi. Ndiye kuti isabwerere, madokotala amatseka kumeneko ndi jakisoni wa pamimba, mwezi ndi mwezi, kwa zaka. Kusamba kumatha ngati kwa mayi wachikulire, koma osati pang'onopang'ono, kumangoti thi kamodzi. Zotsatira zake: kutentha kodzidzimutsa, thukuta pogona, kunenepa, kuiwala, kukwiya, kuuma ndi kupweteka kumalo obisika. Amawapatsa mafuta opaka. Amakumana Lachiwiri kuti azilimbikitsana, ndi kuphunzitsana mmene angauzire amuna awo.

Zonse zimene ndinayala patebulo zija, anamwino anazitchula chimodzichimodzi osadziwa. Bere ndi kumunsi waya wake ndi mmodzi. Mmisiri wa zaka khumi ndi zisanu.

Ndinafunsa za mwana. Anandiyang'ana kaye. Akuti pa jakisoni mimba ayi, ndipo zaka zikadzatha, kwa ambiri amsinkhu umenewu zimakhala zitapita.

Ndakumbukira tsiku lake. Pa 3 Malichi adokotala anatiitana tonse awiri. Ine ndinali ndi ntchito yoika chipinda chozizira kubutchala. Ndinati, "Khansa inatha, pitani nokha, mudzandiuza." Madzulo ndinafunsa kuti zayenda bwanji, maso ali pafoni. Anati bwino.

Ndikutuluka anamwino anandigwira paphewa: "Chimodzi chokha ndinena poti ndi moyo. Dzulo timawadikira, sanabwere, ndipo foni sakuyankha. Asadumphitse."

Pakhonde Wamagalasi anandipatsa moni, kufunsa za fani yake. Akuti mayi akunyumba sakugona. Ndinasowa poyang'ana.

Lachitatu, 25 Juni

Kwa alamu. Anandisiya panja mphindi makumi awiri, kenako anandilowetsa osandipatsa mpando. Aphunzitsi anali kukhitchini, kuseri kwa tebulo, thawulo lili pakhosi. Masiku asanu okha koma maso alowa.

Ndinapepesa. Mawu anga ankamveka opepuka ngati chitini chopanda kanthu. Madzi akatayika saoleka.

Anayankhula nthawi yaitali, mosakweza mawu. Sindingathe kulemba zonse. Akuti anasainira okha pepala la jakisoni tsiku lija, atakhala pabenchi ola lathunthu. Akuti ankafuna kundiuza, koma tsiku lililonse ndinkabwera ndi nkhani ya mwana wa uje, dzina lomwe tidzamupatse wathu, kachipinda komwe tidzapente. Makalata a anamwino anawang'amba. Mafuta aja anayamba kupaka pokonzekera kuti tidzayesenso, ine ndi iwo.

Mawu awa ndiye akundilasa mpaka pano: "Mmene ndimalowa kubafa ndi kachipangizo kanu kaja, ndimadziwa kuti n'zosatheka, koma ndinapemphera kuti ituluke iwiri."

Za jakisoni akuti asiya. "Mukufuna mimba, amayi anu akufuna mimba. Ndisiye kubayitsa, thupi lidzuke, ndikupatseni mwana wanuyo. Zikabwerera zibwerere." Sakuopseza. Ndimawadziwa akatsimikiza.

Ndinati sindikufuna mwana, ndikufuna iwo. Anaseka kuseka kowawa. Akuti mawu a kukhitchini ndi osavuta. Ngati ndi zoona ndikanene kwa amayi, ndi pakamwa panga, ndipo ndisakanene kuti mkazi wanga walephera. Ndikanene kuti ndasankha ine.

Mantha andigwira, enieni, oposa a mu Ogasiti.

Lachisanu, 27 Juni

Dzulo kwa amayi, phukusi lili kukhwapa. Ndinazungulira nyumba yawo kawiri ndisanagogode.

Ndinanena zonse, ndi za kachipangizo zomwe. Anasisita timasokosi tija ndi chala. Kenako: "Ndiye iwe udzapita osasiya wokutchula?" Ndinati inde. Ndinati ndasankha ndine, ndipo amene akufuna kudandaula adandaulire ine.

Analira. Inenso ndinalira, chifukwa mwanayo ndinkamufuna, ndisaname m'buku langa lomwe. Ndinali nditamuona kale akusewera ndi masikulu kushopu.

Sanandidalitse, sananditukwane. Potuluka anangoti, "Azakhali ako ndiwauza ndekha. Koma zoyeza mkazi ngati firiji, zimenezo sunaphunzire kwa ine."

Ndalembera Aphunzitsi uthenga kuti ndanena. Awerenga, sanayankhe. Alamu akuti amayi anawaimbira foni madzulo, anayankhula ndi mpongozi wawo nthawi yaitali. Zomwe anakambirana sindikudziwa. Mtima wayamba kale kufufuza kuti mwina agwirizana zakuti, mwina amayi awauza zakutizakuti. Ndaugwira. Ndi khalidwe lomweli landifikitsa pano.

Fani ya Wamagalasi ndakonza m'mawa, ndakasiya ndekha kwawo. Anafuna kulipira, ndinakana. Mkazi wake anayiyatsa pomwepo, n'kukhala patsogolo pake maso ali chitsinzinire.

Anamwino akuti Lolemba m'mawa malo alipo. Ndatumiza uthenga wina: ndikakhala pabenchi kuyambira 7 koloko.

Lolemba, 30 Juni

Anandipatsa katoni ya nambala 6 pamzere wa jakisoni. Ndinafika chipatala asanatsegule bwino. Anaitana 6, ndinapempha kuti wa 7 alowe. Kenako wa 8. Kenako wa 9. Mayi wina anandifunsa ngati wobayitsa ndine. Maso anali pakhomo. Mthunzi uliwonse ndimati ndi iwo.

Kota tu 11 analowa ndi alamu. Sanandipatse moni. Anakhala pabenchi yomweyo, kusiya malo a munthu mmodzi pakati. Posakhalitsa kutentha kunawabwerera, ndinaona khosi likunyowa. Sindinadziwe chochita ndi manja anga. Ndinatenga katoni ya nambala ija n'kuyamba kuwakupiza. Sanandiletse, sanathokoze.

Anamwino atafunsa ngati bambo alowe nawo, anayankha osandiyang'ana: "Alowe. Aone singano yake."

Ndinaiona. Si singano ya jakisoni wamba, ndi yonenepa ngati msomali. Anagona chagada, kukweza bulawuzi, kuluma mlomo. Anagwira chitsulo cha bedi, osati dzanja langa, ndipo chitsulocho anachipeza osayang'ana. Kanayi konse analowa m'chipinda chimenechi okha, n'kukwera basi, n'kufika kunyumba kudzandiphikira. Ine ndili kalikiliki kuwerenga mapaketi.

Kunyumba sanabwerere. Akuti aona kaye. Sindinafunse kuti mpaka liti.

Pageti anapisa m'chikwama, kutulutsa kabuku kaja, kundipatsira. "Werengani, kuyambira tsamba loyamba. Pomwe simukumva mufunse ine, osati Wowotcherera."

Kali patebulo pano. Zolemba za adokotala n'zokhotakhota, mawu ambiri sindikuwadziwa. Ndafika tsamba lachitatu, mafunso akwana kale asanu ndi awiri. Patsamba la 3 Malichi pali mzere wakuti wobwera ndi wodwala. Analembapo okha, ndi zilembo zawo zoongoka za pabolodi zija: palibe.